Kodi mumadziwa kuti kutentha kumapha batire la laputopu?

Batire la laputopu limakalamba msanga likamatenthedwa, ngakhale laputopuyo ikhale yatsopano.

Kampani ya Apple imachenjeza kuti kutentha kopitirira madigiri 35 kukhoza kulifooketsa osabwereranso mwakale. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kutentha kotere n'kwa tsiku ndi tsiku mu Okutobala.

Choipa kwambiri n'kuika laputopu pabulangete kapena papilo poonera filimu. Timabowo ta mpweya timatsekeka, kafani kam'kati kamayamba kulira, kunsi kwa laputopuyo n'kumaotcha dzanja. Ikakhalanso pachaja chikhalirecho itadzaza kale, batire limatha mphamvu mofulumira.

Muziika laputopu patebulo, mpweya uzidutsa. Mukafuna kuisunga miyezi ingapo, ithimitseni ili ndi moto wa theka.