A ku Maravia akudikirabe mapepala: kodi adivogado angafulumizitse?

FINGOÈ — Nkhondo ya zaka 16 itafika poipa m'boma la Maravia, anthu ambirimbiri adawoloka malire kulowa m'Zambia. Ochuluka adakaikidwa ku msasa wa Ukwimi, dera la Petauke, umene udatsegulidwa mu 1987 ndipo udasungapo anthu oposa 20,000. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu 1994 magalimoto a UNHCR adayamba kuwabweza kwawo.

Koma sadabwere okha. Anyamata ena adabwera ndi akazi Achinsenga ndi Achichewa a ku Zambia, ana ali kumsana. Ku Malowera ngakhale ku Chiputo palibe amene adawafunsa pasipoti, pakuti chinenero n'chimodzi, maliro n'ngamodzi. Vuto limatulukira tsiku limene mwana afuna bilhete yolembera mayeso, kapena mayi afuna kutchedwa nzika.

Malamulo akulu a dziko a 2004 savuta kumva. Mlendo amene wakhala m'banja ndi nzika ya Moçambique zaka zosachepera 5 akhoza kupempha unzika. Wopanda banja lotere ayenera kukhala m'dziko muno zaka 10. Mwana wobadwira kunja, bambo kapena mayi wake ali wa kuno, amangofunika kunena pamaso pa boma kuti afuna kukhala wa Moçambique.

Nanga kuchedwa kumachokera kuti? Nkhani za unzika sizithera pa Fingoè, ngakhale mu mzinda wa Tete. Zimapita ku Conservatória dos Registos Centrais ku Maputo, ndipo kumeneko amawerenga mapepala, sawerenga nkhope. Ukwati wa ku Ukwimi udamangidwa ndi ankhoswe, nkhuku idadyedwa, mudzi wonse udaona, koma m'buku la Registo Civil mulibe. Ngati mulibe, zaka 5 zija aziwerenga kuyambira liti? Chimodzimodzi mwana amene umboni wake wonse ndi khadi la sikelo la ku Zambia, lolembedwa dzina mosiyana ndi la pa cédula ya bambo wake. Pempho lotere likhoza kugona m'kabati mwini wake akuganiza kuti lili pa mzere.

Apa ndi pamene munthu wodziwa malamulo amathandiza. Adivogado sangalumphitse pempho lanu pamwamba pa la mnzanu, ndipo wolonjeza zimenezo pofuna mbuzi ndi wakuba basi. Chimene angachite n'kuona chosowa musanawononge ndalama za chapa. Lamulo la Mabanja la 2004 lidavomereza ukwati wa mwambo ndi wa kutchalitchi, malinga ulembetsedwe ku Registo, ndipo ambiri kumidzi sadamvepo zimenezi. Angathenso kulemba kalata yofunsa pamene pempho lafika, yonena nambala yake ndi tsiku limene lidalandiridwa. Kalata yotere imavuta kuinyalanyaza kusiyana ndi munthu woima pa zenera chipewa chili m'manja.

Zidaoneka ku South Africa. Boma la kumeneko lidagamula mu Disembala 1996 kuti othawa nkhondo a ku Moçambique apatsidwe chilolezo chokhazikika, koma kulembetsa kudayamba mu Ogasiti 1999. Adapempha anthu pafupifupi 130,000, olandira adali pafupifupi 82,000. Ambiri mwa okanidwa adagwa pa umboni wa chaka chimene adalowa m'dzikomo. Mabungwe monga Black Sash ndi Bungwe la Mipingo la ku South Africa ndiwo ankathandiza anthu kusonkhanitsa umboniwo.

Kuno, wosauka safunika kugulitsa ng'ombe. Bungwe la IPAJ, limene boma lidakhazikitsa mu 1994, limapereka thandizo la malamulo kwaulere kwa amene asonyeza kalata yaumphawi, atestado de pobreza. Popita kumeneko tengani chilichonse cholembedwa, chakale bwanji: khadi la chakudya la ku msasa, kalata ya ubatizo, kalata ya a nyakwawa, ndi risiti ya tsiku limene mudapereka pempho.