Fumbi Losatuluka M'mapapo

Golide wa ku Witwatersrand, yemwe anapezeka mu 1886 n'kuchititsa kuti mzinda wa Johannesburg umangidwe, amabisala m'mwala wolimba kwambiri wodzaza ndi quartz. Kuti atuluke, mwalawo amauboola, kuuphulitsa ndi kuupera, ndipo ntchito zonsezi zimatulutsa fumbi la silica. Fumbi looneka ndi maso, lija loyetsemulitsa, siloopsa kwenikweni, chifukwa mphuno ndi kummero zimaligwira n'kulibweza m'mamina ndi m'makhololo. Lakupha ndi losaoneka, losalala kwambiri moti limatsetsereka mpaka m'timatumba ta mpweya ta m'mapapo.

Likafika mmenemo, maselo oteteza thupi amalimeza ngati mmene amachitira ndi tizilombo toyambitsa matenda. Koma mwala sugayika. Selo limafa, kachidutswako n'kutsala, selo lina n'kukameza, nalonso n'kufa. Pamalo pankhondo yosathayi pamabwera chipsera, ndipo zipsera zikachuluka mapapo amauma n'kuleka kufutukuka bwino. Amenewa ndi matenda a silicosis. Alibe mankhwala ochiza, ndipo amatha kumakulabe ngakhale munthu atasiya ntchito kalekale. Nthawi zambiri amadzaonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo: phuma pokwera kachitunda, chifuwa chosamva mankhwala, kenako kulephera ngakhale kunyamula khasu.

Kuchedwa kumeneku ndi kumene kunabisa mlandu waukulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri atalembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, lomwe pambuyo pake linkadziwika kuti Theba. Ngozi yomwe anthu amaikumbukira ndi ya mu April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za ku Joni nthawi yomweyo. Ngoziyo inaoneka, maliro ake analiridwa dziko lonse. Koma bambo wobwera bwinobwino ndi njinga, wailesi ndi bulangete, amene anayamba kubanika zaka 15 pambuyo pake ali kumudzi, palibe amene anamuwerenga m'gulu la ovulala kumgodi. Abale ankati ndi ukalamba, ena ankati am'lodza chifukwa cha katundu amene anabwera naye.

Chinanso chosokoneza ndi chifuwa chachikulu. Mapapo okhala ndi silica sachedwa kugwidwa TB. Chiopsezocho chimakwera pafupifupi katatu, ndipo pakakhalanso kachilombo ka HIV chimakwera koposa. Wodwala amapita kuchipatala, TB imapezekadi, amamwa mankhwala miyezi 6, kachilombo ka TB n'kutha, koma phuma osatha. Ngati dokotala sanafunse kuti "Munkagwira ntchito yanji?" ndipo sanajambule m'chifuwa, gwero la vutolo silidziwika mpaka kumanda.

Eni migodi sanganene kuti sankadziwa. Malamulo opereka chipukutamisozi pa matenda a mapapo a anthu a m'migodi analipo ku South Africa nkhondo yoyamba yapadziko lonse isanayambe, kungoti ankatumikira kwambiri azungu, pamene wakuda akadwala ankangomubweza kwawo. Lamulo la mu 1973 limalola kuti mtima ndi mapapo a munthu wa mumgodi womwalira ziyezedwe, kuti banja lilipidwe ngati matendawa apezeka. Nanga womwalira kumudzi ku Mzimba kapena ku Dedza akanamuyeza ndani?

Zinthu zinatembenuka mu March 2011, pamene bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti Thembekile Mankayi, yemwe anadwala silicosis atagwira ntchito mumgodi, ali ndi ufulu wosumira kampani ya AngloGold Ashanti. Mwiniwakeyo anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti chigamulocho chiperekedwe. Mlandu wake unatsegula njira ya mlandu wa anthu ambiri pamodzi, ndipo mu 2018 makampani 6, kuphatikizapo Anglo American, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anavomera kuika ndalama zokwana marandi 5 biliyoni. Khoti linavomereza mgwirizanowu mu July 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndi lomwe limalipira. Oyenera kulandira ndi omwe anagwira ntchito m'migodi ya golide ya makampaniwo pakati pa March 1965 ndi December 2019, kapena mabanja awo ngati anamwalira. Komabe pamafunika umboni wa ntchito ndi wa matenda, ndipo apa ndi pamene akumudzi ambiri amagwera: mapepala anadyedwa ndi chiswe, mwini nkhani anatisiya, wotsala ndi mayi wamasiye wosadziwa ngakhale dzina la mgodi. Ndalama zobwera mochedwa chonchi sizikwanira kutchedwa chilungamo.

Fumbi lomweli lili pakati pathu lero. Amayi oswa miyala ya kwale m'mbali mwa misewu, mwana ali kumbuyo, akulipuma tsiku lonse. Anyamata okumba golide m'maenje n'kumasinja mwala wouma akulipuma, chimodzimodzi amisiri odula matailosi ndi konkire ndi galayinda. Kansalu komanga pamphuno kamangotchinga fumbi lalikulu, losaonekalo limadutsa. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi madzi: kunyowetsa mwala pouboola kapena pouswa, ndi kuwaza pansi musanasese. Wogwira ntchito akhale kumbali imene mphepo ikuchokera, ana akhale patali, ndipo pamene pali bwana, ndi udindo wake kugula masiki enieni osefa fumbi, monga a mtundu wa N95. Aliyense amene anagwirapo ntchito yamiyala, ngakhale zaka 30 zapitazo, akapita kuchipatala ndi chifuwa kapena phuma azinena yekha za ntchitoyo asanafunsidwe, ndipo apemphe kujambulidwa m'chifuwa.