CIMBUDZI COBALA MANYOWA

Mau kwa eni nyumba a ku Sharpevale ndi a m'cigwa ca Bwanje

Inu eni nyumba ndi eni mbumba, mudziwa nokha mabvuto awiri amene atigwera caka ndi caka. Loyamba ndi la m'dzinja: mvula ikalimba, ndi madzi otsika ku mapiri a Ncheu akadzaza m'cigwa, dzenje lalitali la cimbudzi ligumuka, ndipo banja libwerera kuthengo. Laciwiri ndi la kumunda: nthaka yatopa, ndipo thumba la feteleza lifuna ndalama zimene ambiri alibe. Pali cimbudzi cina cimene cithandiza pa zonse ziwiri.

Kumene cinacokera

Mapangidwe ace anawakonza Peter Morgan wa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990. Ca m'ma 2001 cinafika m'dziko muno, pamene a WaterAid anayamba kuciphunzitsa ku Salima, ndi a Sinodi ya Livingstonia ku Embangweni. Abale athu a ku Lichinga m'Mozambique anacilandiranso masiku omwewo. Anthu anamva kale kuti cimbudzi ciletsa nthenda, koma mau amenewo paokha sanakumbitse maenje ambiri. Cimene cinawakopa ndi zimene anaziona ndi maso pakhomo pa mnansi.

Zifukwa zinai zimene anthu acifunira

1. Manyowa. Zimene tidya zicokera m'nthaka, ndipo mphamvu yace siithera m'thupi. Tikaikwirira m'dzenje la mamita atatu, yatayika. Tikaisunga pafupi, ibwerera ku mbeu. Munthu akaona nthoci ya mnzace iri yobiriwira pamene yace yafota, safunanso womkakamiza.

2. Dzenje lalifupi. Mwamuna mmodzi alikumba tsiku limodzi, ngakhale mkazi wamasiye akhoza. Siligumuka msanga, ndipo kawirikawiri silifika pa madzi a pansi amene timwa m'zitsime.

3. Pfungo ndi nchenche zicepa, cifukwa phulusa liumitsa zonyansa ndi kuzibisa.

4. Malo. Pamene nyumba zathinana, monga pafupi ndi msika, maenje awiri okhazikika akwanira zaka zambiri.

Mitundu iwiri

Woyamba aucha Arborloo, ndiye cimbudzi ca mtengo. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi, ndiko kufika m'cuuno mwa munthu wamkulu. Ikani pamwamba silabu ya simenti yoti anthu awiri ainyamule, nimucinge ndi kanyumba ka udzu kapena bango. Likatsala pang'ono kudzala, patapita miyezi 6 kufikira 12, sunthani silabu ndi kanyumba ku dzenje latsopano. Lakalelo likwirireni ndi dothi lokuya cikhato cimodzi, ndipo mvula ikayamba bzalanipo nthoci, papaya, gwafa kapena mango. Pamenepa palibe cogwira ndi manja. Mtengo udya wokha.

Waciwiri aucha Fossa Alterna, ndiwo maenje awiri osinthana, akuya osapitirira mita imodzi ndi theka. Mugwiritsa limodzi caka cathunthu, nimulitseka, nimusamukira ku linzace. Caka cina cikatha, za m'dzenje loyamba zasanduka dothi lakuda losanunkha. Mulifukula, mupita nalo kumunda, ndipo dzenje liyambanso nchito.

Malamulo osati awaswe

Musanayambe dzenje, yalani masamba ouma pansi pace. Yense wolowamo, pakuturuka athire kapu imodzi ya dothi louma losanganiza ndi phulusa. Cifukwa cace phulusa la kumafuwa lisatayidwenso kudzala. Sungani m'mtsuko wakale, ndi dothi louma lokwanira dzinja lonse. Musaponyemo mapepala a pulasitiki, nsanza kapena magalasi, pakuti siziola. Musathiremo madzi osamba, cifukwa dzenje lonyowa linunkha niliitana nchenche.

Za mkodzo

Mphamvu yobiriwiritsa cimanga, imene mugula m'thumba la urea, icuruka mu mkodzo koposa m'zonyansa zina. Akatswiri anayesa napeza kuti mkodzo wa munthu mmodzi wa caka cimodzi ukwanira munda wa mamita 20 m'litali ndi 15 kapena 20 m'lifupi. Ndiko kuti banja la anthu 6 likwanitsa pafupifupi theka la ekala. Ukagwera m'dzenje, mphamvu yambiri itayika. Wofuna kupindula nao ausonkhanitse m'cigubu cotseka, nasanganize muyeso umodzi ndi miyeso itatu ya madzi, nathire panthaka pambali pa phesi, osati pamasamba.

Cenjezo

Ena acita manyazi kapena mantha ndi manyowa amenewa, ndipo mantha ao ali ndi pace. Mazira a njoka za m'mimba ngolimba, ndipo akhoza kukhala amoyo m'dzenje ngakhale itapita miyezi 6. Cotero musafulumire: dikirani miyezi 12 yathunthu, kuwerenga kuyambira tsiku lotseka. Pofukula bvalani nsapato, gwirani ndi fosholo, ndipo sambani m'manja ndi sopo kapena phulusa. Manyowawo akwirireni m'phando la cimanga kapena pa mitengo. Musawaike pa ndiwo zodya zosaphika.

Kumbukiraninso kuti mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unafika m'maboma onse a dziko lino, nupha anthu oposa 1,700. Nthenda imeneyi iyenda ndi madzi amene akumana ndi zonyansa za munthu. Mudzi umene nyumba iri yonse iri ndi cimbudzi cobvundikira wautsekera njira.

Nchito imeneyi njya cirimwe, nthaka iri youma. Sankhani malo okwera, kutali ndi citsime mamita 30, ndipo funsani mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo za mmisiri woumba silabu. Mukakumba mwezi wa September, mvula idzakupezani muli okonzeka, ndipo caka camawa pa dzenjelo padzaima mtengo wa zipatso.