Mlembi wa Pamudzi: Mmene Kuwerenga Kumalerera Atsogoleri ku Chipata

Anthu akasonkhana kuti asankhe atsogoleri a kagulu kawo m'midzi yozungulira mzinda wa Chipata, kaya ndi kopaletivu ya alimi ofuna feteleza, kaya ndi Chigwirizano cha amayi, kaya ndi komiti yoyang'anira mjigo, wapampando savuta kupeza, pakuti pamudzi sipasowa munthu wa pakamwa pokoma ndi wa nkhope yolemekezeka. Msungichuma nayenso amapezeka, malinga asakhale ndi mbiri ya dzanja lalitali. Koma pofika pa mlembi mpamene anthu amayamba kuwerama ndi kukankhizana, wina nati maso anga achita chidima masiku ano, wina nati dzanja langa ndi loipa. Potsiriza udindowo umagwera mayi kapena mnyamata amene anapitako patsogolo pang'ono ndi sukulu, ndipo iyeyo, ngakhale analowa monyinyirika, zikapita zaka zingapo ndiye amene mudzi wonse umamutuma ku boma, ndiye amene anyakwawa amamuitana ikabwera kalata, ndiyenso amene dzina lake limatchulidwa pofuna mkulu wa mpingo kapena khansala.

Chinthu chimenechi sichinayambe lero. Mu 1899, chaka chimodzi chokha asilikali a atsamunda atagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi kupha mwana wake Nsingo, amishoni a Dutch Reformed anamanga misasa yawo pa Magwero, ndipo mu 1903 anatsegulanso pa Madzimoyo. Chaka chomwecho Abambo Oyera anakhazikika pa Kachebere, m'malire a Zambia ndi Malawi. Amishoniwo anali owerengeka, midzi inali yosawerengeka, choncho ntchito yaikulu inagwera aphunzitsi achikuda, amene ankatumizidwa kumidzi ndi sileti, bolodi ndi kabuku ka katekisimu. Mphunzitsi wotere sanali wa banja lachifumu, ndipo kawirikawiri anali mlendo pamudzipo, komabe popeza iye yekha ndiye ankatha kumasula kalata yochokera ku migodi ya Southern Rhodesia kapena chikalata cha msonkho chochokera ku boma la Fort Jameson, akuluakulu a mabwalo anayamba kumpatsa mpando pafupi nawo. Mwa anthu oleredwa m'njira imeneyi munatuluka Justo Mwale, amene mu 1929 anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wachikuda wa mpingo wa Dutch Reformed m'dziko muno, ndipo sukulu yaubusa ya ku Lusaka ikutchedwa dzina lake kufikira lero.

Pa Magwero pomwepo panachitika chinthu chimene anthu a kuno ayenera kuchikumbukira koposa mmene amachitira. Mu 1905 mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa mnyamata wosaona, Lazaro Banda, kuwerenga ndi zala zilembo za Braille, pa nthawi imene ana openya a m'midzi yambiri anali asanaonepo pepala. Ndipo mayi Hofmeyr atamwalira, Ella Botes anaitenga ntchitoyo naikulitsa, mpaka mu 1955 anatsegulanso sukulu ya osamva. Tangoganizani mmene zinalili pamudzi, munthu amene onse ankamuyesa wongoyenera kutsogoleredwa ndi ndodo, atakhala pamphasa ndi buku pamiyendo, zala zikuyenda, pakamwa pakutuluka mawu, openya onse atatchera khutu! Tsiku limenelo wotsogoleredwa ndiye anatsogolera.

Tiyenera kuzindikira kuti kuwerenga kwa makolo athuwo sikunali kwa munthu payekha m'chipinda chotseka. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, silinali la nyumba iliyonse. Linali limodzi pa anthu ambiri, ndipo linkawerengedwa mokweza, monga Ezara anachitira pamaso pa khamu m'masiku a Nehemiya. Nyuzipepala ya Mutende, imene boma linayamba kusindikiza mu 1936 m'zinenero za anthu kuphatikizapo Chinyanja, inkayenda m'manja ambiri mpaka kuthetheka, monganso inachitira Tsopano m'zaka za ufulu. Ndipo bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland litakhazikitsidwa mu 1948, timabuku ta nthano, ta mbiri ndi ta miyambo tinafika m'masukulu a mbali zonse ziwiri za malire, kotero kuti mwana wa ku Katete ndi mnzake wa ku Mchinji ankadziwa Nthondo wa Samuel Nthara mofanana. Ngakhale Julius Chongo, amene nkhani zake za Poceza M'madzulo zinkasonkhanitsa mudzi wonse pa wailesi imodzi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anamanga pa mwambo womwewu: mmodzi alankhule, ambiri amve, kenaka akambirane.

Kukambiranako ndiko kumene kumaphunzitsa utsogoleri. Wowerengera anzake amaphunzira kuimirira pagulu osanjenjemera. Amaphunzira kudikira agogo amene sanamve bwino, nabwereza popanda kuwanyoza. Akafunsidwa tanthauzo la mawu amene iye mwini sakulidziwa, amaphunzira kuvomera kuti akafunsa, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Ndipo, choposa zonse, amaphunzira kuti chimene chalembedwa sachisintha pofuna kukondweretsa mlamu wake. Maphunziro otere sapezeka pa msonkhano wa masiku atatu ku hotela, kumene anthu amapita chifukwa cha alawansi nabwerako ndi setifiketi yokapachika pakhoma. Sindikunyoza misonkhanoyo, ili ndi malo ake. Koma sindinaonepo mtsogoleri amene anabadwira kumeneko.

Onani gulu la amayi osunga ndalama pamodzi, limene ambiri amangoti banki ya m'mudzi. Amakhala mozungulira pansi pa mtengo wa mango, pakati pali bokosi lachitsulo la maloko atatu, ndipo makiyi ake ali ndi amayi atatu osiyana, kuti pasakhale wotsegula yekha usiku. Mlembi amaitana mayina mmodzimmodzi, aliyense nabwera ndi masheya ake, owerenga ndalama naziwerenga poyera, mlembi nalemba, kenaka natchula mokweza chimene walemba: amayi akutiakuti aponya zakuti, ngongole yawo yatsala yakuti, chindapusa cha kuchedwa sanapereke. Wina akati, "Iyayi amlembi, mlungu watha ndinabweza," sipakhala kulumbira kapena kutukwanizana. Amatsegula tsamba la mlungu wathawo, nkhani nkuthera pomwepo. Ndi kope la mtengo wochepa, komatu likusunga mtendere umene ngakhale bwalo la amfumu likadavutika nawo.

Pano mpamene pali ngozi imene sitiyenera kuibisa. Gulu limene lili ndi wodziwa kuwerenga mmodzi yekha lili m'manja mwa munthuyo, ndipo mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Alimi a fodya ndi a thonje a chigawo chino akudziwa kuwawa kwa kudinda chala pa pangano la ngongole ya mbewu ndi mankhwala limene sanaliwerenge, nkudzamva pogulitsa kuti zonse zapita ku ngongole. Ndipo m'makopaletivu ambiri madandaulo a mayina osowa pa mndandanda wa feteleza wa FISP amabuka kumene mamembala sangathe kuuona okha mndandandawo. Mlembi wabwino tsono ndi amene amafuna kuti pakhale ena otha kumugwira akalakwa, napatsa mnzake kope kuti awerenge ndiye lero. Mpingo wa Katolika unaona nzeru imeneyi m'zaka za m'ma 1970, Medardo Mazombwe ali episkopi wa Chipata, pamene maepiskopi a kuno kum'mawa kwa Afrika anagwirizana zokhazikitsa miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana momwe akhristu eni ake amasinthana kuwerenga ndi kutsogolera mapemphero popanda wansembe. Bungwe la COMACO nalonso, limene limagula mtedza ndi zokolola zina kwa alimi a kuno, linaika m'magulu a alimi ake buku la ulimi ndi umoyo loti aziwerengera pamodzi, mlimi wotsogolera ali mmodzi wa iwo omwe.

Chimene chikusowa lero ndi chowerenga. Kuyambira mu 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka giredi 12, ndipo makalasi adzaza mpaka pakhomo. Koma mwana amene waphunzira kulumikiza zilembo akafika kunyumba ku Mchini kapena ku Nabvutika amapeza chiyani m'Chinyanja, kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo? Laibulale ya chigawo, ya bungwe la Zambia Library Service limene linayamba mu 1962, ili m'tauni, kutali ndi mwana wa ku Vubwi kapena ku Chadiza. Mabuku a Chongo, a Nthara ndi a anzawo, amene makolo athu ankalimbirana, mungayende msika wonse wa Kapata osawaona. Foni yafika m'nyumba zambiri, ndipo uthenga wa pa WhatsApp umawerengedwa ndithu, koma umawerengedwa ndi munthu mmodzi ataweramira m'dzanja lake, popanda womufunsa ngati zimene wawerengazo ndi zoona.

Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo nyumba zosanja ndi masitolo aakulu zikumera m'mbali mwa msewu wa ku Mwami. Zimenezo nzabwino, koma sizidzatilembera maminitsi a komiti ya mjigo. Inu abusa ndi akulu a mipingo, muli ndi nyumba zimene zimakhala zotseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu: ikanimo kabati ya mabuku, mupatse achinyamata makiyi. Inu a wailesi za Breeze FM ndi Radio Maria, patulani mphindi zowerengera anthu buku la Chinyanja, mutu umodzi pa mlungu. Ndipo inu amene muli ndi mabuku akale m'sutikesi pansi pa bedi, atulutseni chiswe chisanawamalize, mumuitane mdzukulu wanu akuwerengereni madzulo ano anansi ali pomwepo.