Kukulitsa mimba ya injini yakale

M'caka ca 1964 kampani ya Pontiac ku America inazemba lamulo la akuluakulu ake a ku General Motors. Lamulolo linali lakuti galimoto ya msinkhu wapakati isakhale ndi injini yoposa makyubiki inchi 330. Koma John DeLorean ndi anzake anatenga injini ya 389, ya m'magalimoto akuluakulu, naiika m'galimoto yopepuka yochedwa Tempest, naipatsa dzina lakuti GTO. Caka cimeneco anagulitsa magalimoto otele oposa 32,000, ndipo makampani ena onse anathamangila njila yomweyo. Umu ndimo munafalila mtundu wa magalimoto amene eni ake amawacha muscle car, ndiko kunena kuti galimoto ya minofu.

Cimene anyamata a masiku amenewo anali kufuna ndi mphamvu imene imakankhila munthu kumsana kwa mpando galimoto ikamanyamuka. Amakaniko amaicha torque, ndipo ife tinganene kuti mphamvu yopotola. Tonse tinaonapo nati ya wilo ikakana kumasuka: munthu amalowetsa paipi ku sipanala kuti italike, natiyo n'kugonja. Injini ya Chevrolet Chevelle yamphamvu koposa ya 1970 inali kupotola ngati mapaundi 500 atapacikidwa ku sipanala yotalika fiti imodzi. Tiyelekeze matumba anai ndi theka a cimanga, a makilogilamu 50, akulendewela ku sipanala ya masentimita 30.

Nanga mphamvu imeneyi imacokela kuti? Injini imapuma monga munthu. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya ndi petulo, ikakwela imazipanikiza, moto n'kuyaka, ndipo kuphulikako kumaikankhila pansi. Mimba ya masilinda ikakhala yaikulu, mpweya wolowa umaculuka, ndipo kukankhako kumakula. Pali njila ziwili zokulitsila mimbayo: kukuza cibowo ca silinda, kapena kutalikitsa ulendo umene pisitoni imayenda. Mu 1970 a Buick anasankha njila yoyamba, nasandutsa injini yao ya 430 kukhala 455. A Chevrolet anasankha yaciwili, ndipo 427 inakhala 454. Zonse ziwili zinatuluka zamphamvu pafupifupi mofanana, ya Buick n'kufika pa 510. Conco amene amati cinsinsi conse cili m'kutalika kwa dzanja la crankshaft, monga paipi ija ya pa sipanala, amangonena theka la nkhani. Cacikulu ndi kuculuka kwa mpweya umene injini imameza.

Nyengo imeneyo sinakhalitse. Lamulo loletsa utsi woipa la 1970, kukwela kwa inshuwalansi, ndi kusowa kwa mafuta kwa mu 1973 zinafooketsa magalimoto amenewa. Amene anawasunga anatsala ndi mainjini okalamba, ndipo apa m'pamene pali nkhani yotikondweletsa kwambili.

Injini yofala koposa inali Chevrolet 350, ya masilinda 8 ndi malita 5.7, imene inayamba mu Camaro ya 1967. Cibowo cake ndi mainchi 4, ndipo pisitoni imayenda mainchi 3.48. Injini yotele ikatha, makaniko amaibowa pang'ono kuti masilinda asalalenso, naikamo mapisitoni okulilapo, monga momwe amacitila amakaniko athu. Koma kubowa kwa masiku onse, kosakwana milimita imodzi, kumangoifikitsa pa 355. Kupitiliza apo n'kudya makoma a silinda, amene kuseli kwake kumayenda madzi oziziritsa.

Tsono panali injini ina ya banja lomwelo, ya 400, imene inapangidwa kuyambila 1970 kufikila 1980. Inali ndi mbili yakuti imatentha msanga, cifukwa masilinda ake anali ogundana, opanda mpata wa madzi pakati pao. Ambili sanaifune. Koma crankshaft yake inali kuyendetsa pisitoni mainchi 3.75. Amisili anaicotsa, napala malo amene imakhalila pa mabelingi kucoka pa mainchi 2.65 kufika pa 2.45, naiika mu 350 yobowedwa ija. Ulendo wa pisitoni unangotalika ndi mamilimita 7, utali wosakwana m'lifupi mwa cala cakanise, koma injini inalumpha kucoka pa 355 kufika pa 383, malita 6.3. Kubowa kunapatsa 5, crankshaft inapatsa 28. Kunja injini imaoneka yomwe ija, ndipo ngakhale mnansi wa maso akuthwa sangadziwe kanthu kufikila galimoto itanyamuka. Nzelu imeneyi inafala kotelo kuti makampani anayamba kupanga ma crankshaft atsopano a nchito yomweyi, ndipo potsiliza a Chevrolet eni ake anagulitsa mainjini a 383 opangilatu.

Koma tisaganize kuti ndi nchito yongomasula ici n'kumanga ico. Pisitoni ikamatsika kwambili imakwelanso kwambili, conco pafunika mapisitoni ena kapena ndodo zazifupi, kuopela kuti ingagunde mutu wa injini. Ndodozo pozungulila zimakhudza buloko, ndipo makaniko ayenela kusema citsulo pang'onopang'ono, kuyesa, kusemanso. Akapyoza njila ya madzi, buloko ya zaka makumi asanu yaonongeka tsiku limodzi. Crankshaft ya 400 imafunanso flywheel yake yokhala ndi colemetsa mbali imodzi. Woiwala ici injini imam'njenjemelela mpaka kudya mabelingi. Ndiponso mpweya wambili ukapanikizidwa m'kacipinda komwe kaja, petulo angayake nthawi isanakwane, ndipo kugogoda kumene kumamveka pamenepo kumaswa mapisitoni.

Phindu lake ndi mimba yokula ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kucepelapo pang'ono, ndipo mphamvu yopotola imakula moyandikila pamenepo. Imabwela injini ikali kuzungulila pang'onopang'ono, pamene munthu amaifunadi: ponyamuka, pokwela citunda, popitilila lole. Kumtunda kwa liwilo phindulo limacepa ngati mutu wa injini ndi womwe uja, pakuti mimba yakula koma mphuno sizinakule. Ife tikuona kuti ambili amalakwila pamenepa, ndiponso pa mabuleki. Magalimoto ambili a m'zaka za 1960 anatuluka ndi mabuleki a mtundu wa ng'oma, amene anali ocepa kale ngakhale pa mphamvu yao yoyamba.

Palinso za mtengo. Galimoto yotele imagulidwa ndalama zambili ngati ikali ndi injini yake yobadwa nayo, imene nambala yake igwilizana ndi ya galimotoyo. Citsulo cosemedwa sicibwelela. N'cifukwa cake eni ake ocenjela amatsitsa injini yoyambayo, naipaka mafuta, naiphimba pa ngodya ya galaja, ndipo 383 amaimangila pa buloko ina yogula kwa ogulitsa zitsulo zakale.