Osewera Mocheza ndi Osewera Mwakhama: Kodi Mpanda Uli Pati?

Pakati pa anthu okonda masewera a pakanema, amene ambiri a ife tingowatcha magemu, pali magulu awiri amene samvana kawirikawiri. Gulu loyamba ndilo la osewera mocheza, ndiwo aja atsegula gemu podikira basi kapena ataweruka ku ntchito, nasewera mphindi zowerengeka, naiwala. Gulu lachiwiri ndilo la osewera mwakhama, amene aphunzira gemu imodzi monga ife tiphunzirira masamu, natha miyezi kapena zaka ali pomwepo. Pa Chingerezi oyambawo atchedwa casual, ndipo enawo hardcore. Akhama anena kuti anzawowo sali osewera enieni. Ochezawo ayankha kuti akhama ndi anthu osowa chochita. Mkangano umenewu ndaumva kambiri ngakhale pa sukulu pathu pano, kotero ndaona kuti nkoyenera ndilongosole kumene kusiyanaku kunachokera. Ganizo langa ndi ili: mpandawo suli pakati pa magemu ayi, koma uli mu nthawi ndi mu mtima wa munthu wosewerayo.

Chaka chimodzi, njira ziwiri

Tiyambe ndi mbiri. M'chaka cha 1962, Steve Russell ndi anzake pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America anapanga gemu yotchedwa Spacewar. M'menemo zombo ziwiri za mumlengalenga zinkaomberana uku nyenyezi ya pakati ikuzikoka, ndipo kuyendetsa chombo kunafuna luso ndithu. Mu 1971, Nolan Bushnell ndi Ted Dabney anapanga makina oponyamo kobiri a gemu yofanana nayo, nawatcha Computer Space. Malondawo sanayende bwino, pakuti anthu wamba m'nyumba zomweramo mowa anaona kuti gemuyo inali yovuta kuimvetsa.

Tsono mu 1972 anthu omwewo, atakhazikitsa kampani ya Atari, anatulutsa Pong, imene Allan Alcorn anaimanga. Wosewera aliyense anali ndi kachotembenuza kamodzi kokha, ndipo ntchito yake inali kubweza kampira basi. Makina oyamba anaikidwa m'nyumba ina yomweramo mowa ku Sunnyvale, m'chigawo cha California, ndipo posakhalitsa analeka kugwira ntchito chifukwa bokosi la makobiri linadzaza mpaka kusefukira. Komatu m'chaka chomwecho, mwezi wa October, pa mtunda waufupi kuchokera pamenepo, ophunzira a pa Stanford anachita mpikisano wa Spacewar, umene ambiri auyesa mpikisano woyamba wa magemu. Mphotho yake inali kulandira magazini a Rolling Stone chaka chathunthu. Taonani, anzanga: m'chaka chimodzi ndi m'dera limodzi munabadwa njira ziwiri, ina ya munthu wongodutsa ndi kobiri lake, ina ya munthu wofuna kupambana anzake onse.

Zinthu zinayi zimene ziwasiyanitsa

Choyamba ndi nthawi. Gemu ya Candy Crush Saga, imene inatuluka mu 2012, inapangidwa kuti gawo limodzi lithe m'mphindi zochepa. Munthu apatsidwa miyoyo isanu, ndipo ikatha adikira theka la ola kuti umodzi ubwerere. Koma m'gemu ya Dota 2 asewera anthu asanu mbali iyi ndi asanu mbali inayo, ndipo nkhondo imodzi kawirikawiri ipitirira theka la ola. Ukachoka pakati wagwetsa anzako anayi. Kuwonjezera apo muli ankhondo oposa 100 oti munthu asankhepo, aliyense ndi mphamvu zakezake, kotero kuti kungowadziwa onse ndi sukulu pa yokha.

Chachiwiri ndi kulephera. Gemu yochezera imakhululuka msanga: ukalakwa ikulimbitsa mtima ndi tinyimbo, nikubwezera pafupi pomwepo. Koma Dark Souls, imene kampani ya FromSoftware ya ku Japan inatulutsa mu 2011, ilibe njira yoti munthu aifewetse. Ukafa ubwerera m'mbuyo, adani ambiri amene unawapha aukanso, ndipo chuma chimene unasonkhanitsa chitsala pamene unagwera. Ukafanso usanachitole, chapita. Kwa wakhama kukoma kwake kuli pomwepo, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Kwa munthu wotopa ndi ntchito ya tsiku lonse, chimenecho ndi chilango chosachimwira.

Chachitatu ndi chida chosewerera. Ku South Korea gemu ya StarCraft ya 1998 inakula kufikira kuti mipikisano yake inkaonetsedwa pa wailesi ya kanema, ndipo akatswiri ake ankadina makiyi ndi mausi koposa 300 pa mphindi imodzi, ndiko kunena kasanu pa sekondi. Zala zotere sizibadwa, zichita kuphunzitsidwa. Mbali inayo, kampani ya Microsoft inaika gemu ya makhadi ya Solitaire mu Windows m'chaka cha 1990, mwa zina pofuna kuti anthu azolowere kugwira mausi. Nokia inaika gemu ya kanjoka, Snake, m'mafoni ake kuyambira 1997. Ndipo mu 2006 Nintendo inatulutsa makina a Wii, amene chogwirira chake munthu angochigwedeza monga agwira ndodo ya tenisi. Makinawo anagulidwa oposa 100 miliyoni, nafika ngakhale m'nyumba zosungiramo okalamba.

Chachinayi ndi ndalama. Wakhama alipira patsogolo: agula makina okwera mtengo, nagulanso gemu iliyonse. Wocheza atenga gemu yaulere pa foni, koma ena mwa iwo alipira pang'onopang'ono kuti agule moyo wina kapena chothandizira. Tindalama timeneti sitiyenera kunyozedwa. Kampani ya King, mwini Candy Crush, inagulidwa mu 2016 pa mtengo wa madola 5.9 biliyoni, ndipo m'zaka zaposachedwa pafupifupi theka la ndalama zonse za malonda a magemu pa dziko lapansi lachokera ku mafoni. Pa mfundo iyi ife a kuno tiyenera kusamala pakuweruza. Mnyamata amene alipira kuti asewere mpira wa FIFA kwa kanthawi m'kanyumba ka magemu pa msika, kapena mtsikana amene abwereka foni ya amayi ake madzulo, mwina ali ndi khama loposa la mwana wokhala ndi makina kunyumba. Chimene chimchepera ndi thumba, si mtima.

Gemu imodzi, magulu onse awiri

Tsono wina angati, "Ngati zili choncho, ndiye kuti magemu ena ndi a ocheza, ena ndi a akhama, nkhani yatha." Iyayi. Ndipereka zitsanzo ziwiri.

Pac-Man inatuluka ku Japan mu 1980. Mlengi wake, Toru Iwatani, anafuna gemu yopanda kuomberana, imene ingakope akazi ndi anthu amene sankalowa m'nyumba za magemu. Palibe gemu yochezera yoposa imeneyi: kadyera kachikasu kangodya timadontho kothawa mizukwa inayi. Komabe anthu ena anaphunzira kayendedwe ka mzukwa uliwonse, napeza kuti pa gawo la 256 gemuyo isokonezeka ndipo siingapitirire. Anawerenganso kuti mapointi ochuluka koposa amene munthu angapeze ndi 3,333,360, ndipo kuti awafike ayenera kusewera maola angapo osafa ngakhale kamodzi.

Chitsanzo china ndi Tetris, imene Alexey Pajitnov anaipanga ku Moscow pakati pa zaka za m'ma 1980, nifalikira dziko lonse pa kamakina ka m'manja ka Game Boy mu 1989. Mwana wa zaka zisanu angaimvetse: tinjerwa tigwa, iwe utisanja. Koma kuyambira 2010 pakhala mpikisano wa dziko lonse wa Tetris yakale. Jonas Neubauer anaupambana kasanu ndi kawiri, mpaka mu 2018 pamene anagonja kwa Joseph Saelee, mnyamata wa zaka 16. Osewera achichepere anapeza njira zatsopano zogwirira chida kuti tinjerwa tiziyenda mofulumira koposa kale. Ndipo mu December 2023, Willis Gibson wa ku Oklahoma, ali ndi zaka 13, anafika pa gawo la 157, pamene gemuyo inauma nileka kuyenda, chinthu chimene munthu aliyense anali asanachichite.

Ife odziwa bawo izi siziyenera kutidabwitsa. Thabwa ndi lomwelo, maenje ake 32 omwewo. Mwana ataya njere pongosewera, pamene mkulu wa pansi pa mtengo awerenga mumtima kumene njere yomaliza idzagwere asanakhudze dzenje. Kodi tinganene kuti bawo ndi ya ana kapena ya akulu? Ndi ya onse. Chisiyana ndi kuya kumene munthu afuna kulowa.

Wina afuna mnzake

Chinthu chimene magulu awiriwa aiwala pokangana nchakuti adyera m'mbale imodzi. Mu 2021, mpikisano waukulu wa Dota 2, wotchedwa The International, unali ndi mphotho zoposa madola 40 miliyoni. Kodi ndalama zonsezo zinachokera kuti? Zambiri zinachokera kwa osewera wamba, pakuti gawo limodzi mwa magawo anayi la ndalama zimene ankagulira zokongoletsa zina za m'gemumo linkapita ku thumba la mphotho. Katswiri adya chifukwa pali khamu la anthu osewera pang'ono amene akonda kumuonerera.

Komanso ocheza ali ndi ngongole kwa akhama. Counter-Strike inayamba mu 1999 ngati ntchito ya anyamata awiri amene anasintha gemu ya Half-Life chifukwa choikonda. Dota nayo inayamba ngati chosintha cha osewera okha m'gemu ya Warcraft III. Magemu ambiri a nkhondo ya magulu amene lero aseweredwa mosavuta pa foni anatengera nzeru kumeneko. Akhama atsegula njira m'tchire, ocheza ailambula nikhala msewu. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pamene pali ngozi yeniyeni

Pano ndifuna kunena ndi inu, ophunzira anzanga, pakuti mkangano wa dzina ungatiiwalitse chinthu chachikulu. Mu 2019 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti kusewera magemu kosadziletsa kulembedwe pa mndandanda wa matenda. Koma taonani chimene anayang'ana. Sanafunse ngati munthu ndi wocheza kapena wakhama. Anayang'ana zitatu: ngati munthu alephera kudziletsa, ngati gemu yakhala patsogolo pa zinthu zina za moyo wake, ndi ngati apitiriza ngakhale akuona kuti zikumuononga, ndipo kawirikawiri izi zikhale zitachitika kwa miyezi 12.

Mwa ichi wocheza asadzinamize kuti iye ali pabwino. Mphindi zisanu zokha, zikachitika ka 20 pa tsiku, zikwana mphindi 100, ndiko kuposa maphunziro awiri a m'kalasi. Magemu aulerewo anapangidwa mochenjera kuti uzibwerera, ndi mphatso za tsiku ndi tsiku ndi mauthenga okukumbutsa. Munthu wotere angathe nthawi yochuluka kuposa mnzake amene asewera mwakhama maola awiri Loweruka lokha, natseka.

Wakhamanso asadzinamize ndi mphotho. Nzoona kuti mu 2019 Kyle Giersdorf, wa zaka 16, analandira madola 3 miliyoni pa mpikisano wa Fortnite ku New York. Koma eni gemuyo ananena kuti anthu 40 miliyoni analowa mipikisano yosankhira, ndipo mwa osewera paokha anafika kumapeto anali 100 okha. Amene aika mayeso ake pambali poyembekeza mwayi wotere afanana ndi munthu wotaya nkhwani za m'manja chifukwa cha mbalame ili m'mwamba.

Mau otsiriza

Nanga tichite chiyani? Kwa inu akhama ndinena kuti: luso lanu ndi lenileni, ndipo kupirira kumene muphunzira pogonja ndi kuyambanso ndi chuma chimene chingakuthandizeni ngakhale pa masamu. Koma mnzanu akabwera wosadziwa kugwira chida, musamseke. Mpatseni mpando, pakuti nanunso munayamba mongolawa. Kwa inu ocheza ndinena kuti: simusowa chilolezo cha munthu kuti musangalale, koma musanyoze amene alowa mozama, ndipo muziwerenga mphindi zanu.

Funso lakuti wosewera weniweni ndani lilibe phindu. Funso limene aliyense wa ife ayenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi ndine ndisankha nthawi yoyamba ndi yoleka, kapena gemu isankhira ine? Amene angathe kuika chida pansi belu la sitade likalira, kaya asewera mphindi zisanu kaya maola asanu pa tchuthi, ameneyo ndiye aidziwa gemu bwino kuposa anzake onse.