Mwana Wapsa ndi Njinga Yamoto Popita ku Sikelo

M'sewero lomwe tinamvera pa wailesi, mayi wina anachedwa kudzuka pa tsiku la sikelo. Poopa kukapeza anzake atayezetsa kale, anaitana njinga yamoto ya kabaza. Khanda anabereka kumbuyo, ndipo mwana wake wamkulu, wa zaka zitatu, anamukhazika pakati pa iye ndi woyendetsa. Panjira anayenda bwino. Ngozi inachitika atafika kale. Potsika, mayiyo anatsitsira mwana wamkulu uja mbali ya kumanja, ndipo mwendo wa mwanayo unakhudza paipi yotulutsa utsi, imene anyamata a kabaza amaitcha ekizozi. Mwana analira pang'ono nkutonthola. Mayi ataona kuti bala ndi laling'ono, sanawauze anamwino.

Atabwerera kumudzi, agogo ake a mwanayo anati, "Mwanawe, kabala kotereka nako mpaka kuchipatala? Swa dzira upakepo, mawa kadzakhala katauma." Patapita masiku asanu bala linayamba kutuluka mafinya, thupi la mwana linatentha, ndipo anayamba kukana kuponda pansi. Sewero linathera pomwe mayi uja anali pa njinga yomwe ija, ulendo wobwerera kuchipatala.

Pokambirana za seweroli ndi amayi a ku Nsipe, ambiri anayamba ndi kuseka. Kenaka angapo anavundukula chitenje nkuonetsa chipsera, ndipo pafupifupi onse chinali pamalo amodzi: pa katumba wa mwendo wakumanja, mbali yamkati. Zimenezi sizinangochitika mwangozi ayi, ndipo tiona chifukwa chake.

Kale amayi a kuno ankapita ku sikelo wapansi kapena pa njinga yakapalasa. Kuyambira cha m'ma 2010 njinga zamoto zotsika mtengo zinayamba kuchuluka, zambiri zikulowa kuchokera ku Mozambique, dziko lomwe boma lathu la Ntcheu lachita nalo malire. Lero mukaima pa Nsipe, pa Kampepuza kapena pa boma, simuchedwa kumva wina akufunsa kumene mukupita. Njinga zimenezi zathandiza amayi ambiri oyembekezera ndi ana odwala kufika kuchipatala msanga, choncho pano sitikuletsa kukwera. Tikufuna kuti mudziwe kumene kutentha kumabisala.

Kodi kutenthaku kumachokera kuti?

M'kati mwa injini mumayaka moto weniweni. Petulo amasakanikirana ndi mpweya nkumayaka kambirimbiri pa mphindi iliyonse, ndipo mphamvu ya motowo ndi imene imazunguza gudumu. Koma mphamvu yambiri siyendetsa njinga, imangosanduka kutentha. Kutentha kwina kumatuluka ndi utsi kudzera mu ekizozi, kwina kumatsala m'chitsulo cha injini.

Magalimoto ndi njinga zazikulu zampikisano amaziziritsidwa ndi madzi. Njinga zing'onozing'ono za kabaza zimaziziritsidwa ndi mphepo basi. Mukayang'anitsitsa injini yake mudzaona tizitsulo topyapyala tondandalikana ngati mano a chipeso. Mphepo ikamadutsa pakati pa tizitsuloti imachotsa kutentha. Ndiye kuti njinga ikamathamanga pa mseu wa tala, monga wa M1, injini imapuma bwino. Ikamakwera chitunda pang'onopang'ono, ikamalimbana ndi mchenga kapena matope, ikanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga, kapenanso ikangoima uku ikulira, mphepo imachepa ndipo chitsulo chimatentha koposa. Njira zathu zochokera kumidzi ndi zotero kumene, kotero kuti njinga imafika pachipata cha chipatala itatentha kwambiri.

Madzi amawira pa madigiri 100. Ekizozi, makamaka chigawo choyandikana ndi injini, imatentha kuposa pamenepo kangapo. Khungu la munthu wamkulu limapsa m'masekondi ochepa likakhudza madzi a madigiri 60 okha, ndipo la mwana ndi lopyapyala, limapsa msanga ndiponso mozama. Chitsulo chotenthachi sichifiira ngati khala, sichichenjeza ndi maso. Injini ikazimitsidwa chimakhalabe chowotcha kwa nthawi ndithu, mwina mpaka theka la ola. Ana ambiri amapsa ndi njinga yoima pakhomo, bambo atalowa m'nyumba kukadya.

Pa njinga zambiri za kabaza ekizozi ili kumanja, tcheni chili kumanzere. Ichi ndi chifukwa chake zipsera za amayi aja zinali kumanja.

Musanakwere

Kwerani ndi kutsika mbali ya kumanzere nthawi zonse. Mwana mumutsitsirenso kumanzere, ndipo mumugwire dzanja mpaka njinga itachoka. Langizo limeneli likuoneka laling'ono, koma mwa zonse zimene zalembedwa pano ndi limene ndimawabwerezera amayi kawirikawiri pa sikelo, chifukwa anthu ambiri amapsa pokwera ndi potsika, pamene mtima uli pa katundu kapena pa ndalama yolipira.

Yang'anani ekizozi musanaponye mwendo. Njinga ikakhala yatsopano pamakhala kachitsulo kotchinga, komangidwa ndi mabawuti pamwamba pa paipi. Pakati pa kachitsuloko ndi paipi pamatsala mpata wodutsa mphepo, nchifukwa chake sikawotcha kwambiri. Kakaguluka eni ake ena sabwezeretsa. Yang'ananinso ngati zopondera za wokwera kumbuyo zilipo zonse ziwiri. Chakumanja chikathyoka, phazi limafunafuna popuma ndipo limakapeza paipi. Njinga yotere muisiye, mukwere ina. Palibe chamanyazi kunena kuti, "Achimwene, chopondera chanu chathyoka, ndili ndi mwana." Ndalama ndi yanu, ndipo anyamatawa akaona kuti amayi akusankha njinga zokonzedwa, adzayamba kukonza.

Pa nkhani ya kavalidwe amayi anatsutsana kwambiri. Ena anati mayi waulemu amakhala chammbali, miyendo yonse kumanzere, ndipo potero amatalikirana ndi ekizozi. Nzoona kuti amatalikirana nayo, koma wokhala chammbali sakhazikika, amagwa msanga njinga ikakhota kapena ikagunda dzenje, ndiponso chitenje chake chimalendewera pafupi ndi tcheni ndi masipoko. Kwa mayi wobereka mwana, kugwa ndi ngozi yoposa kupsa. Ine ndimalangiza kukhala motangadza, mutavala thalauzi lochindikala m'kati mwa chitenje, nsonga za chitenje mutazipinda bwino pansi pa ntchafu. Agogo amene angadandaule muwakumbutse kuti lamulo loletsa amayi kuvala thalauzi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, linachotsedwa mu 1993, ndiponso kuti chitenje chili pamwamba pomwepo. Nsalu ya thonje ndiyo yabwino. Ya nayiloni imasungunuka ikakhudza chitsulo chotentha nkumatirira pakhungu. Nsapato zotseka zimaposa patapata.

Mwana asakhale kutsogolo pa thanki ya mafuta. Timiyendo take timalendewera moyang'anizana ndi injini, pomwe paipi imayambira, malo otentha kuposa ena onse. Wokhala pakati nayenso mapazi ake safika pa zopondera, amangogwedezeka. Kunena zoona, njinga yamoto inapangidwira anthu awiri, ndipo pa njinga palibe malo amene mwana wamng'ono ali wotetezeka kwathunthu. Ngati pali womusiyira wamkuluyo pakhomo, msiyeni. Ngati palibe, muvekeni thalauzi ndi nsapato, miyendo yake muiike pamwamba pa ntchafu zanu, ndipo muuze woyendetsa kuti ayende pang'onopang'ono. Chisoti chotetezera mutu musachiiwale, ngakhale kuti imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Amayi ena amuna awo ndiwo a kabaza. Kawauzeni kuti kutentha kwa injini kumachepa akamasintha oyilo pa nthawi yake, akamachotsa matope ouma pa tizitsulo ta injini tija itazizira, akamapewa kulemetsa njinga, ndiponso akamaizimitsa podikira wokwera. Kachitsulo kotchinga kakaguluka, amakaniko a pamsika akhoza kuikapo kena. Asakulunge paipi ndi nsanza kapena mphira, zimenezo zimayaka. Pofika pakhomo aimike njinga ekizozi italoza kukhoma, kumene ana sadutsa.

Ngati wapsa kale

Mankhwala oyamba ndi madzi. Thirani madzi oyera, ozizira bwino, pa bala kwa mphindi 20. Mphindi 20 ndi nthawi yaitali, yokwanira kuphika phala, ndipo amayi ambiri amaleka mwana akangosiya kulira. Musaleke. Chitsulo chikachoka, kutentha kumatsala m'mnofu nkumapitiriza kuwononga, ndipo madziwo ndi amene amakuzimitsa. Ngati muli pafupi ndi mjigo, wina apope inu mutagwira mwendo. Ngati ayi, tungani ndi kapu kuchokera mu ndowa nkumathira pang'onopang'ono. Mukapsa muli panjira yopanda madzi, thiranibe mukafika, chifukwa madzi amathandiza ngakhale papite maola atatu. Ziziritsani bala lokha, thupi lonse la mwana mulifunditse kuti asazizidwe. Madzi oundana a mu firiji musaikepo, amaononga khungu.

Mukatha, phimbani ndi kansalu koyera kochapidwa bwino, osamanga mothina. Thonje la lendelende musaikepo chifukwa limamatirira. Nsalu imene yakanirira pa bala musaisolole, dulani m'mbali mwake, zotsalazo akachotsa achipatala. Matuza musaboole: khungu la pamwambalo ndi chivindikiro choletsa tizilombo kulowa.

Tsono za dzira la agogo lija. Pokambirana amayi anatchula zambiri zimene anthu amapaka: dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, mchere, ufa, dothi, ngakhale oyilo wa njinga yomweyo. Agogo amene amalangiza zotere amamukonda mwanayo, ndipo mwina anaonapo bala lina litapola atapaka. Linapola lokha, chifukwa linali losazama. Zamafuta zimatsekera kutentha m'kati. Dzira laliwisi, ufa ndi dothi zimalowetsa tizilombo, ndipo dothi likhoza kubweretsa kafumbata. Mchere umangoonjezera ululu. Chinanso, zonsezi anamwino amayenera kuzitsuka asanaike mankhwala, ndipo kutsukako mwana amakumva kuwawa kwambiri.

Bala la ekizozi limanyenga. Kawirikawiri ndi laling'ono, losaposa chikhatho cha mwana, koma limazama chifukwa chitsulo chimakanikiza pamalo amodzi. Bala lofiira, la matuza, lowawa kwambiri, nthawi zambiri ndi losazama. Loopsa ndi limene pakati pake payera kapena pada, pauma ngati chikopa, ndipo mwana sakumva kuwawa mukakhudzapo. Pamenepo mitsempha yomvera ululu yapsa. Mwana wa m'sewero uja anatonthola msanga, mayi ake nkuganiza kuti zili bwino, chonsecho kutontholako kunayenera kuwadetsa nkhawa.

Choncho mwana aliyense wosakwana zaka zisanu akapsa mpaka kutuluka matuza, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi munthu wamkulu ngati bala layera kapena kuda, ngati lili pa phazi, pa kakolo, kuseri kwa bondo kapena padzanja, ndiponso ngati ali ndi matenda a shuga, poti mabala a kumiyendo amawavuta kupola. Tengani bukhu la kuchipatala kuti anamwino aone ngati katemera wa kafumbata anakwanira. Musaope kukalipiridwa. Tiuzeni nthawi imene mwana anapsa ndi chilichonse chimene mwapakapo.

Akakupatsani tsiku lodzatsukitsa bala, bwerani ngakhale likuoneka bwino. Bweraninso msanga tsikulo lisanakwane ngati thupi latentha, bala likununkha kapena kutuluka mafinya, kufiira kukufalikira, kapena mwana akukana kudya. Pitirizani kuyamwitsa, ndipo wamkulu mumupatse mazira, nsinjiro, nyemba ndi usipa. Dzira lija ntchito yake ndi imeneyi, kuphika kuti mwana adye, chifukwa thupi limafuna zakudya zomanga kuti lipange khungu latsopano. Bala limene silinapole pakatha masabata awiri liyenera kuonedwanso. Achipatala chaching'ono amatumiza ku chipatala cha boma ku Ntcheu, ndipo mabala ozama kwambiri amafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli zigawo zosamalira anthu opsa. Kumeneko nthawi zina amatenga kachikopa kopyapyala pa ntchafu nkukaphimba pa bala.

Funso la mayi wina

Mayi wina anafunsa kuti, "Anamwino, khanda langa silikhudza chitsulo, koma m'mwezi wa Okutobala timafika ku sikelo lili thukuta lokhalokha. Kodi injini ndi imene imalidwalitsa?"

Mpweya wotentha wa injini umapita kwambiri kumiyendo ya woyendetsa ndi ya inu. Chimene chimatenthetsa khanda ndi dzuwa, thupi lanu, ndi zofunda. Amayi ambiri poopa mphepo ndi fumbi amaliveka juzi ndi chipewa cha ulusi, nkuphimbanso mutu wonse ndi chitenje chachiwiri. Nyengo yotentha livekeni zopepuka, mutu muutchinge dzuwa koma mphuno ndi pakamwa zikhale poyera, ndipo nyamukani m'mamawa. Mukafika limasuleni, khalani pamthunzi nkuliyamwitsa. Ngati silinakwane miyezi isanu ndi umodzi musalipatse madzi, mkaka wa m'mawere ndi wokwanira. Likakhalabe lotentha mutapuma, kapena likufooka ndi kukana bere, musanene kuti ndi njinga. Auzeni anamwino musanakhale pa mzere, kuti aliyeze malungo.